Vayirasi ikupezekabe mu System Volume Information, ndiyichotse bwanji?

Ndatopa_nayo analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru pa laputopu ya Windows 10, disiki yake ya 500 GB. Inalowa vayirasi ya pa flash, ija imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Antivirus inagwira mafayilo angapo n'kuwachotsa, ndipo kompyuta ikuoneka kuti ikuyenda bwino. Koma full scan iliyonse ikumapezabe Trojan yomweyomweyo pamalo olembedwa chonchi: \Device\HarddiskVolumeShadowCopy4\Users\, kenako AppData\Roaming, kumapeto fayilo ya .vbs. Ndikadina Remove, imati yalephera. Foda ya System Volume Information nayo ikukana kutseguka, ikungoti Access is denied, chonsecho akaunti yanga ndi ya administrator.

Kodi vayirasiyi ikugwirabe ntchito? Ndingayichotse bwanji osapanga format? Ena akuti ndilande fodayo ndi lamulo la takeown n'kufufuta zonse zam'katimo. Nditero?

WaMawaya analemba:

Achimwene, takeown ija isiyeni. Mtima pansi kaye.

Yang'anitsitsani malo mwalembawo. Akuyamba ndi HarddiskVolumeShadowCopy4, osati C:. Chimenecho ndi chithunzi cha disiki chomwe Windows inajambula tsiku lina vayirasi idakali m'kati, ndiye restore point, ndipo chimasungidwa mu foda ija ya System Volume Information. Kuyambira pa Windows Vista, System Restore, imene imabweza Windows mmene inalili tsiku lina m'mbuyomo, inasiya kukopera mafayilo imodziimodzi. Imadalira Volume Shadow Copy Service, yomwe imasunga tizigawo ta disiki tisanalembedwepo zatsopano. Antivirus itafufuta .vbs ija pa C:, tizigawo take takale tinatsalira m'chithunzimo. Ili ngati ntchentche yomwe inajambulidwa nawo pa chithunzi cha ukwati: mukuiona ndithu, koma singatere pa nsima yanu.

Palibe pulogalamu imene imadzuka yokha kuchokera m'menemo. Ngozi imabwera mukapanga System Restore n'kusankha tsiku limenelo, kapena mukalowa mu Previous Versions n'kukopera fayiloyo ndi manja anu. System Restore ndiye yoopsa kwenikweni chifukwa imabweza ndi registry yomwe, kaundula wa ma setting a Windows, ndiye kuti kamzere kamene kankadzutsa vayirasi kompyuta ikamayaka kamabwereranso limodzi ndi fayilo yake.

Remove ikulephera chifukwa chithunzi chikangojambulidwa chimakhala chongowerenga. Palibe antivirus imene ingatolemo fayilo imodzi. Mumafufuta chonse kapena kuchisiya chonse. Access is denied nayo si ntchito ya vayirasi. Fodayo imaloledwa ku akaunti ya SYSTEM yokha, ndi mmene Microsoft inakonzera. Mukathyola chitseko ndi takeown simupezamo .vbs yanu, mupeza mafayilo akuluakulu a mayina a manambala ndi zilembo. Ambiri akana kufufutika chifukwa Windows yawagwira, ndipo ma permission mukawasokoneza, System Restore imatha kuyamba kulephera tsiku lomwe mukuifuna.

Ntchito iyende motere, ndipo musayambire kumapeto.

Yambani kutsuka Windows imene ikuyendayi. Antivirus ipange update kaye, chifukwa scan ya ma definition a miyezi itatu yapitayo n'kuwedza ndi ukonde wong'ambika. Kenako tsegulani Windows Security, Virus & threat protection, Scan options, musankhe Microsoft Defender Offline scan. Kompyuta izima n'kuyakanso yokha, n'kufufuza disiki Windows isanadzuke, pamene vayirasi singathe kubisala kapena kudzitchinjiriza. Zimatenga mphindi pafupifupi 15. Batire likhale lodzaza, magetsi akathima pakati musayambirenso, ndipo ngati disiki ili ndi BitLocker, recovery key ya manambala 48 ija ikhale papepala pafupi. Amene ali ndi antivirus ya kampani ina ndipo Scan options sikuoneka, ayatse Periodic scanning pansi pa Microsoft Defender Antivirus options patsamba lomwelo.

Mukatero bweretsani diso lachiwiri: Microsoft Safety Scanner kapena Malwarebytes yaulere. Safety Scanner imatha mphamvu pakadutsa masiku 10 chiitengereni pa intaneti, choncho yakale yomwe ili pa flash ya mnzanu sithandiza.

Ma scan onsewo akanena kuti pa C: palibe kanthu, ndipo kompyuta yayaka bwinobwino kawiri katatu, m'pamene mukhudze ma restore point. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani sysdm.cpl, lowani pa System Protection. Sankhani C:, dinani Configure, kenako Delete, Continue. Kuthimitsa System Protection sikofunika, Delete yokha imasesa ma restore point onse a pa drive imeneyo. Ngati pali drive ina yolembedwa On, monga D:, chitani chimodzimodzi. Pomaliza dinani Create, muipatse dzina loti mudzalizindikire, monga "yoyera" ndi tsiku lake, n'kupanganso full scan.

Dziwani kuti Delete imapita ndi Previous Versions yomwe. Ngati pali dokumenti imene inasowa nthawi ya vayirasi ndipo mukuifuna, itulutseni musanadine.

Gogo_DOS analemba:

A WaMawaya alondola. Ndingowonjezera pa mfundo yoti kufufuta kubwere pomaliza, chifukwa mukafufuza pa intaneti mupeza masamba ambiri akunena zosemphana: thimitsani System Restore choyamba, scan pambuyo.

Malangizo amenewo ndi a nthawi ya Windows Me ndi Windows XP. Pa XP ma restore point anali mafayilo enieni, m'mafoda a RP1, RP2, RP3 pansi pa _restore, ndipo fayilo iliyonse inkapatsidwa dzina latsopano ngati A0001234.exe. Antivirus inkangolira pa mafayilo amenewo tsiku ndi tsiku osatha kuwakonza, mpaka makampani anazolowera kuuza anthu kuti athimitse zonse. XP inasiya kuthandizidwa pa 8 Epulo 2014, koma malangizowo akadali moyo, akungokoperedwa.

Vuto lake nali. Kuchotsa vayirasi kumavulaza Windows nthawi zina. Antivirus ikafufuta driver yodwala, kapena vayirasi inadzilemba pa Userinit kapena Shell mu registry, kompyuta imatha kukana kuyaka, kapena kuyaka n'kungoonetsa mdima ndi kamuvi ka mouse. Pa tsiku ngati limenelo restore point ya vayirasi iposa kukhala wopanda kalikonse: mumabwerera, kompyuta n'kuyaka, n'kuyambanso kutsuka mwanjira ina. Madzi a mumtsuko, ngakhale ali ndi zitsotso, satayidwa ena asanatungidwe.

Pali msampha pa Disk Cleanup. Ambiri amalemba cleanmgr, Clean up system files, More Options, n'kudina Clean up pansi pa System Restore and Shadow Copies, n'kumaganiza kuti zatha. Batani limenelo limasiya restore point yomaliza. Ngati yomalizayo inajambulidwa vayirasi ili m'kati, scan ikuuzani zomwe zija. Wofuna njira imeneyi apange kaye Create kompyuta itayera, kuti yotsalayo ikhale yoyerayo.

Kwa okonda kulemba malamulo, tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator:

vssadmin list shadows

Muona chithunzi chilichonse, tsiku ndi nthawi yake, Shadow Copy ID yake, ndi nambala ija ya HarddiskVolumeShadowCopy. Nambalayo musaidalire, imatha kusintha kompyuta ikayakanso. Dalirani ID ndi tsiku. Kufufuta chimodzi ndi vssadmin delete shadows /shadow= kenako ID yonse pamodzi ndi mabulaketi ake okhota. Kufufuta zonse:

vssadmin delete shadows /for=C: /all

Wina afunsa kuti bwanji osangofufuta zodwala zokha n'kusunga zakale zoyera. N'zotheka, ngati mukulidziwa tsiku limene vayirasi inalowa. Koma tsiku limene munaona ma shortcut si kawirikawiri kukhala tsiku limene inalowa. Ine ndimati zipite zonse.

Zinthu ziwiri zingakutchingeni. Lamuloli likayankha kuti zithunzi zapezeka koma zili outside of your allowed context, ndiye kuti zinapangidwa ndi pulogalamu ya backup, osati System Restore, ndipo vssadmin siloledwa kuzikhudza. Zifufuteni kudzera m'pulogalamu imene inazipangayo, kapena mu PowerShell ya administrator:

Get-CimInstance Win32_ShadowCopy | Remove-CimInstance

Limeneli silisankha drive, limasesa ponseponse, choncho ganizani kaye. Za wmic shadowcopy delete zomwe zili m'masamba akale zisakuvuteni zikakana. Microsoft ikuchotsa wmic ndipo pa Windows 11 yatsopano mwina simuipeza.

Chachiwiri, antivirus ina imatseka vssadmin delete pomwepo n'kukuchenjezani. Sikuti yapenga. Ransomware yambiri (mavayirasi omanga mafayilo anu n'kufuna ndalama), kuphatikizapo WannaCry ya mu 2017, imalemba lamulo lomwelo pofuna kuti munthu asabweze mafayilo ake. Zikatero bwererani ku batani la Delete la mu System Protection.

Muli pomwepo pa Configure, onani Max Usage. Pa disiki ya 500 GB, pakati pa 3% ndi 5% m'pokwanira, ndiwo 15 mpaka 25 GB. Malo akadzaza, Windows imataya zakale yokha, ndiye ngakhale osachita kanthu chithunzi chodwalacho chidzapita tsiku lina. Pa Windows 11 24H2, kuyambira update ya Juni 2025, restore point sipitirira masiku 60. Koma kudikira n'kosathandiza: mwana kapena mnzanu wa ku ofesi akhoza kudina System Restore mawa.

Nkhwazi64 analemba:

Abambo awiriwa afotokoza bwino za chithunzi. Ine nkhawa yanga ili pa mawu akuti "ikuoneka kuti ikuyenda bwino". Mavayirasi a .vbs a pa flash sachedwetsa kompyuta kwenikweni, ndipo amasintha kalembedwe kawo pafupipafupi, moti antivirus imatha kuzindikira fayilo yakale n'kuphonya yatsopano imene ikuyenda. Kuyenda bwino si umboni.

Muyeso wake ndi wosavuta. Mukafufuta zonse n'kupanga restore point yatsopano, scan ikapezanso Trojan m'chithunzi cha tsiku latsopanolo, ndiye kuti gwero lidakalipo pa C:. Chithunzi sichipeka, chimajambula zomwe zilipo. Koma musadikire kufika pamenepo, fufuzani tsopano.

Tsegulani Task Manager, pa Details, muone ngati pali wscript.exe kapena cscript.exe. Mapulogalamu awiriwa ndi a Windows enieni, ndi amene amayendetsa mafayilo a .vbs ndi .js, koma pa laputopu ya pakhomo palibe chifukwa choti azikhala akuyenda tsiku lonse. Dinani kumanja pa mitu ya mizatiyo, Select columns, muike chizindikiro pa Command line. Pamenepo muona fayilo imene akuyendetsa ndi foda yake.

Kenako tengani Autoruns ya Sysinternals pa webusaiti ya Microsoft, muiyendetse ngati administrator. Pa Options ikani Hide Microsoft Entries kuti mndandanda uchepe, ndipo ngati muli ndi bandulo, yatsani Check VirusTotal.com mu Scan Options. Imatumiza hash ya fayilo basi, sidya data yambiri. Malo oyang'anitsitsa ndi Logon, Scheduled Tasks, Services ndi WMI. Chokayikitsa ndi chilichonse choloza ku AppData, Temp, ProgramData kapena Users\Public, makamaka chopanda dzina la kampani, kapena cha dzina lonamizira ngati "Windows Update" pamene fayilo yake ili mu Roaming. Musafulumire Delete. Chotsani kachizindikiro kokha, yatsaninso kompyuta, muone ngati chabwerera. Chikabwerera chokha, pali china chikuchibweza, ndipo ndi chimenecho mukufuna.

Tsopano flash. Kompyuta mungaitsuke mpaka kuwala, koma flash imene inapita kosindikizitsa CV kapena ku burning centre kukaikitsa nyimbo ikabweranso n'kudinidwa, mwabwerera poyambira. Vayirasiyi simadziyendetsa yokha mukangolowetsa flash. AutoRun ya pa flash inatsekedwa kuyambira pa Windows 7. Imadikira kuti mudine shortcut yooneka ngati foda yanu. Shortcut ija imadzutsa vayirasi kenako n'kutsegula foda yeniyeni, inu osadziwa kanthu. Choncho lowetsani flash, musadine chilichonse m'katimo, pangani scan podina kumanja pa drive yake. Mukatero, mu Command Prompt, tiyerekeze kuti flash ndi E:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Mafoda obisika aonekera. Fufutani ma .lnk onse ndi .vbs, .js, .bat kapena .exe iliyonse imene simunaikemo nokha. Koperani madokumenti ndi zithunzi zanu, flash ipangidwe format. Chitani zimenezi pa flash iliyonse, memory card ndi external iliyonse imene inalowapo pa laputopuyo.

Pa flash mupezanso foda ya System Volume Information. Isakuopseni. M'menemo simukhala ma restore point, mumangokhala timafayilo tiwiri tating'ono, IndexerVolumeGuid ndi WPSettings.dat, ndipo mukaifufuta Windows imaipanganso. Mukapezamo .exe kapena .vbs, ndiye mlendo.

China chimene anthu amaiwala: System Restore si nkhokwe yokhayo. Vayirasi imatsaliranso mu Windows.old, imene imakhala masiku 10 mukakweza Windows ndipo imachotsedwa ndi Disk Cleanup pa Previous Windows installation(s). Imatsalira mu foda ya FileHistory pa external. Amenewo ndi mafayilo wamba, antivirus imatha kutolamo odwalawo. Imatsaliranso mu WindowsImageBackup, momwe muli chithunzi cha disiki yonse m'fayilo ya VHDX. Yotereyi mukhoza kuitsegula mu Disk Management, Action, Attach VHD, ndi chizindikiro pa Read-only, n'kutengamo madokumenti okha. Koma kubwezera kompyuta yonse kuchokera pa image yojambulidwa nthawi ya matenda ayi. Ifufuteni mukapanga yatsopano.

Ndatopa_nayo analemba:

Zikomo kwambiri nonse. Offline scan sinapeze kanthu. Koma a Nkhwazi64 munalosera: mu Task Manager muli wscript.exe, ikuloza ku fayilo ya .vbs ya dzina lina mu ProgramData, ndipo Autoruns yaonetsa task imene ikuiyendetsa. Ndinachotsa kachizindikiro, nditayatsanso chinabwerera. Vuto lina, pa System Protection batani la Configure ndi lotuwa, silikudinika, ndipo pali mawu otchula system administrator. Laputopuyi ndi yanga, si ya kuntchito.

WaMawaya analemba:

Ndiye bwino simunafufute kanthu, achimwene. Ili moyo. Ma restore point asiyeni mmene alili mpaka izi zitatha.

Chikubwerera chifukwa script imene ikuyendayo imayang'anira malo ake n'kudzilembanso mukangowakhudza. Simungaichotse ili maso. Thimitsani Wi-Fi, chotsani ma flash onse, lowani mu Safe Mode: gwirani Shift mukudina Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, n'kudina 4. Mu Safe Mode zolembedwa pa Run ndi mu Startup sizidzuka. Onetsetsanibe mu Task Manager kuti wscript.exe palibe, ikakhalapo, End task.

Muli momwemo tsegulani Autoruns. M'kabokosi ka Filter lembani wscript, kenako vbs, kenako dzina la fayiloyo, kuti muone malo onse nthawi imodzi. Kawirikawiri sakhala amodzi: task, mzere pa HKCU\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Run, ndi shortcut mu foda ya Startup imene imatseguka mukalemba shell:startup. Lembani papepala foda ya fayilo iliyonse musanafufute mzere wake, chifukwa Autoruns imachotsa mzere wokha, fayilo imatsala. Mafayilowo ndi obisika. Mu File Explorer Options, pa View, sankhani Show hidden files ndipo chotsani chizindikiro pa Hide protected operating system files. Fufutani .vbs ndi Shift ndi Delete kuti isakagone mu Recycle Bin. wscript.exe yeniyeniyo ya mu System32 musaikhudze, ndi ya Windows.

Funso lofunika ndi lakuti n'chifukwa chiyani ma scan anaiphonya. Mwina ndi mtundu watsopano, koma onaninso Exclusions, mndandanda wa malo amene Defender safufuzamo: Virus & threat protection, Manage settings, Add or remove exclusions. Vayirasi ikapeza mphamvu za administrator imakonda kulembamo foda yake, nthawi zina C: yonse, kuti Defender azidutsa ngati sakuona. Ma activator a Windows ndi Office otengedwa mwaulere nawonso amachita zomwezo, ndipo ambiri amabwera atanyamula zina. Chilichonse chimene simunaikemo nokha chichoke, scan ibwerezedwe.

Za Configure lotuwa: imeneyo ndi policy yolembedwa mu registry. Tsegulani regedit mupite apa:

HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Policies\Microsoft\Windows NT\SystemRestore

Mupezamo DisableConfig, mwinanso DisableSR, zili pa 1. DisableConfig ndi imene imatseka batani la Configure, DisableSR imathimitsa System Restore yonse. Dinani kumanja pa SystemRestore, Export, musunge kope, kenako fufutani ziwirizo n'kuyatsanso kompyuta. Pa Windows Pro zomwezo zili mu gpedit.msc, Computer Configuration, Administrative Templates, System, System Restore, zonse ziwiri zikhale Not configured. Windows Home ilibe gpedit, musataye nthawi kuifuna. Ndipo kwa owerenga ena: ngati kompyuta ndi ya kuntchito, policy imeneyi ikhoza kukhala ya a IT, afunseni iwowo.

Mukabwerera ku Windows ya nthawi zonse, mu Command Prompt ya administrator yendetsani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, ikatha sfc /scannow. DISM imafuna intaneti ndipo imaoneka ngati yaima penapake, isiyeni imalize. Yatsani kompyuta kangapo, muzionanso Autoruns nthawi iliyonse. Masiku awiri akadutsa osabwerera kanthu, Delete ndi Create zija. Create sigwira mu Safe Mode.

Kanthu kamodzi kangakusokonezeni pamapeto. Defender nthawi zina imapitiriza kuonetsa chenjezo lakale mu Protection history ngakhale chithunzi chinafufutidwa. Werengani tsiku la chenjezolo. Ngati ndi lakale ndipo vssadmin list shadows ikuonetsa chithunzi chatsopano chokha, ndi kaundula chabe. Kaundulayo amakhala mu C:\ProgramData\Microsoft\Windows Defender\Scans\History\Service\DetectionHistory, ndipo zam'kati mwake zimafufutika mosavuta mu Safe Mode.

Tsinde analemba:

Pali mitundu iwiri ya vayirasi imene malangizo a pamwambawa sakwanira. Bambo ofunsawa sizikuwakhudza mwina, koma ena afika pano ndi vuto looneka ngati lomweli.

Woyamba ndi ransomware. Ngati madokumenti anu asintha mayina, sakutseguka, ndipo m'mafoda mwaoneka kalata yofuna ndalama, musafufute chithunzi ngakhale chimodzi, kaya antivirus ikulira bwanji. Ngati vayirasiyo inalephera kuzifufuta, m'zithunzimo mukhoza kupezeka mafayilo anu asanamangidwe. System Restore siwabweza, chifukwa simakhudza madokumenti, koma chithunzicho ndi cha drive yonse ndipo mukhoza kulowamo. Chepetsani kugwiritsa ntchito kompyutayo, chifukwa zolembedwa zatsopano zikachuluka Windows imataya zithunzi zakale. Onani nambala ya chithunzi ndi vssadmin list shadows, kenako muiike m'malo mwa 4 pa lamulo ili:

mklink /d C:\kale \\?\GLOBALROOT\Device\HarddiskVolumeShadowCopy4\

Kamzere kopendekera komalizako kasasowe, popanda iko foda sitseguka. C:\kale ioneka ngati disiki yanu ya tsiku limenelo. Koperani madokumenti kupita pa external yoyera, musadine pulogalamu iliyonse m'menemo, mukamaliza lembani rmdir C:\kale, imene imangochotsa khomolo osakhudza chithunzi. Amene malamulo amawavuta, ShadowExplorer imachita zomwezo ndi mouse.

Wachiwiri ndi mavayirasi olowa m'kati mwa mapulogalamu ena, monga Sality, Virut ndi Ramnit. Chizindikiro chake: scan sipeza fayilo imodzi kapena zisanu, imapeza mazana, ndipo mayina ake ndi a mapulogalamu anu enieni. Amenewa amadzimata pa .exe iliyonse imene aipeza, Ramnit mpaka pa .dll ndi .html. Apa kufufuta ma restore point n'kukolopa m'nyumba denga likudontha. Ena mwa mafayilowo amaonongekeratu moti ngakhale atatsukidwa sagwiranso ntchito. Tulutsani madokumenti, zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo okha, musatenge setup iliyonse, ngakhale ija mumaikonda ya pa D:. Flash yoikira Windows ipangidwe pa kompyuta ina yoyera ndi Media Creation Tool. Poika, fufutani partition ya Windows m'malo moika pamwamba pa yakale, ndipo antivirus ikhale itapanga update musanatsegule D: kapena kulowetsa external. Ambiri amadwalanso tsiku lomwelo chifukwa chodina setup ya driver imene anasunga.

Kwa a Ndatopa_nayo, langa ndi la ma password. Ma .vbs a mtundu umenewu ambiri sangobisa mafoda. Amalumikizana ndi kompyuta ya amene anawatumiza n'kumalandira malamulo, kuphatikizapo kukokera mapulogalamu ena oba ma password osungidwa mu browser. Poti yanu yakhala ikuyenda nthawi yonseyi, tengani ngati chilichonse chimene munalemba kapena kusunga pa laputopuyo chinaonedwa. Sinthani pogwiritsa ntchito foni, osati laputopu yomweyo. Yambani ndi imelo, chifukwa ndi imene imatsegula zina zonse, kenako banki, Facebook ndi zotsalazo. Pa akaunti iliyonse tulutsani zipangizo zonse zimene zinalowapo, chifukwa cookie yobedwa imatha kulowetsa munthu popanda password, ndipo yatsani chitsimikizo cha magawo awiri. Pa WhatsApp onani Linked devices.

Ndatopa_nayo analemba:

Mu Safe Mode ndapeza malo atatu monga munanenera, ndipo mu Exclusions munalembedwa ProgramData yonse. Nditachotsa, scan inagwira mafayilo ena awiri. Configure yatseguka. Lero ndi tsiku lachiwiri wscript.exe osaoneka. Kafunso komaliza: zimene zili mu Quarantine ndizifufutenso ndisanapange Create, kapena zilibe kanthu?

Gogo_DOS analemba:

Zifufuteni, koma si chifukwa choti n'zoopsa. Antivirus ikaika fayilo mu Quarantine imaisanduliza kuti isathe kuyenda, ndiye ngakhale italowa m'chithunzi chatsopano singadzuke. Kungoti muyambe mwawerenga mndandandawo, mwina mwalowa fayilo yanu yabwino imene inagwidwa molakwika, chifukwa mukadina Remove sibwereranso. Recycle Bin ndi foda ya %temp% nazo zikhuthulidwe, izo ndiye zimajambulidwa mmene zilili. Mukatero Delete, Create, full scan, ndipo vssadmin list shadows ionetse chithunzi chimodzi chokha cha tsiku la lero. Ma flash aja asalowe mpaka mutawatsuka monga ananenera a Nkhwazi64.